Za Kukonzanso Limba la Zitoliro

Ife a kuno ku Msundwe tidziwa mvukuto wa wosula makasu, ndipo tidziwa citoliro ca mbusa wa ng'ombe. Tsono limba la zitoliro ndilo zinthu ziwirizi pamodzi: mvukuto upopa mphepo, mphepoyo ilowa m'zitoliro zambiri, ndipo citoliro ciri conse ciri ndi liu lace lace. Ku Blantyre, m'kacisi wa St Michael and All Angels, amene anamangidwa ndi David Clement Scott ndi amisiri a dziko lino kuyambira 1888 kufikira 1891, anaikamo limba m'caka ca 1907. Adani a cipangizo cotere kuno kwathu tiwadziwa: ciswe, makoswe, pfumbi, ndi dzuwa loumitsa zikopa za mvukuto.

Limba likakalamba, ena ati, Tilikonze. Ena ati, Tilikuze. Tiyeni tiweruze mlanduwu poona cimene cinacitika ku Paris, m'dziko la France. M'caka ca 2019 moto unatentha denga la kacisi wa Notre-Dame. Limba lace, la zitoliro ngati 8,000, silinapse ai, koma linadzala ndi pfumbi la mtobvu. Amisiri analiphwasula mu 2020, natsuka zitoliro cimodzi cimodzi, nazibwezera m'malo mwace. Ndipo pocuna mau ace anagwira nchito usiku, mzinda uli zii, kuti khutu lisanyengedwe. Linayimbanso mu December 2024. Nchito iyi ndiitama, cifukwa anasunga zitoliro zimene makolo ao anazimva.

Kukuza sindikukana konse. Limba lomwelo linakuzidwa ndi Aristide Cavaillé-Coll mu 1868, ndipo nyumba yaikuru ifunadi liu lalikuru. Koma muyeso ndi uwu: kodi mpingo uyimba bwino koposa kale? Limba ndilo mtsogoleri wa nyimbo. Likameza mau a anthu, lalakwa nchito yace.

Mlanduwu utikhudza ifenso, ngakhale tiribe zitoliro. M'mipingo yambiri tagula malimba a magetsi ndi zokuzira mau, ndipo agogo amene adziwa nyimbo zonse pamtima angokhala cete, pakuti sadzimva okha. Akulu a mpingo, musanasonkhetse ndalama za cipangizo cina cacikuru, yambani mwakonza cimene muli naco, phunzitsani mnyamata mmodzi kucisamala, ndipo muuzeni woyimba acepetse phokoso, kuti agogowo ayambenso kumveka.