Za Pangano la Mpango wa Atsikana Achisilamu

Tsiku lina la msika ndinakwera minibasi pa Lirangwe kunka ku Lunzu, ndipo patsogolo panga panakhala amai awiri. Wina anavala duku loyera la Mvano, pakuti anali kupita kumaliro. Winayo anakulunga mutu ndi khosi ndi mpango wautali umene Asilamu autcha hijabu. Njira yonse anali kudandaulirana za mtengo wa feteleza, nanyemerana chinangwa chophika, ndipo panalibe mmodzi wa iwo amene anafunsa mnzake kuti, Mwaphimbiranji mutu? Ine ndinakhala chete kumbuyoko, ndi kulingalira kuti nsalu yonga yomweyi, pamene inaoneka pamutu pa ana a sukulu, inachititsa amuna akuluakulu kutola miyala.

Ena a inu, abale owerenga, mukumbukira mlanduwo. M'mwezi wa Novembala 1919 si ndiwo ai, koma dzanadzanali, m'chaka cha 2019, pa sukulu ya Anglican ya M'manga ku Balaka anabweza atsikana awiri chifukwa cha mpango, ndipo panabuka ndeu pakati pa Akhristu ndi Asilamu. Anthu anavulala, nyumba zinaonongeka. Chaka chotsatira, pa mkangano womwewo, moto unatentha ofesi ya sukulu ya Akatolika ya Mpiri ku Machinga. Pamenepo bungwe la Public Affairs Committee linasonkhanitsa akulu a mipingo ndi akulu a Chisilamu, ndipo mu Juni 2021 anapangana kuti mtsikana wachisilamu aloledwe kuvala mpango wake m'sukulu za mipingo zimene boma lithandiza, mpangowo ukhale wa mtundu wogwirizana ndi yunifolomu. Pangano limeneli ndilo ndifuna kuliika pa muyeso.

Poyamba ndinena kuti ndi pangano labwino, ndipo ife a m'mipingo tiyenera kudziwa chifukwa chake. Kuyambira pamene mishoni ya Blantyre inakhazikika m'dziko la mfumu Kapeni m'chaka cha 1876, sukulu zambiri za dziko lino zinali m'manja mwa mipingo. Makolo achisilamu anaopa kuti mwana akalowa m'kalasi adzatuluka ndi dzina lina ndi chipembedzo china, chotero ambiri anasunga ana awo kumudzi. Ndipo pamene anayamba kulimba mtima natumiza anyamata, atsikana anatsalabe pa mtondo. Bala limenelo silinapole. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse m'Malawi, pafupifupi 14 ndi Asilamu. Tsono kubweza mwana wamkazi wa anthu amenewa pa chipata, ndiko kuuza agogo ake kuti mantha awo akale anali oona. Ndipo kodi tingamtsutse ndi pakamwa pati, ife amene amai athu salowa m'tchalitchi mutu uli pamtunda, amenenso tiwerenga m'kalata ya Paulo kwa Akorinto za mkazi wopemphera atafunda kumutu?

Koma chilema cha panganoli, ndi cha mkangano wonse umene unalibala, nchakuti linachepetsa mkazi wachisilamu kufikira atasanduka nsalu. Akhristu ena anati mpangowo ndi goli, nayesa kuti pouvula amasula kapolo. Amuna ena achisilamu analankhula monga ngati mwana wawo akangovala, ufulu wake wonse wakwanira. M'zimene ine ndinamva pa wailesi masiku amenewo, mau ochuluka anali a abusa, ansembe ndi mashehe; a atsikana eni mitu anamveka pang'ono ndithu.

Chikhalirecho buku la Asilamu lipatsa mkazi zinthu zazikulu koposa mpango, ndipo nkwabwino kuti tizidziwe, popeza tikhala nawo mudzi umodzi. M'chigawo chachinai cha Korani, chotchedwa dzina la akazi, mwalembedwa za mahari, ndiyo mphatso imene mwamuna apereka pokwatira. Mphatsoyo siili ya atate a mkazi kapena ya malume ake, monga ziwongo kapena malowolo. Ili yake ya mkaziyo, ndipo ikapanda kuperekedwa ikhala ngongole. Chuma chimene mkazi apeza ndi manja ake chikhala chake, pamene udindo wa chakudya, chovala ndi nyumba uli pa mwamuna. Sakwatitsidwa asanavomere. Ali ndi gawo lake lolembedwa pa chuma chamasiye cha atate ake ndi cha mwamuna wake. Angathenso kupempha kuti ukwati uthe, atabweza mahari. Chigawo cha 58 chinatenga dzina lake kwa mkazi amene anakana kukhala chete pamene mwamuna wake anamtaya ndi mau a mwambo wakale, nakatsutsana ndi Muhammad mwini pa mlanduwo, ndipo bukulo limuika mkaziyo kumbali yolungama. Khadija, mkazi woyamba wa Muhammad, anali wamalonda amene poyamba anamlemba nchito mwamunayo. Aisha anaphunzitsa amuna zachipembedzo zaka zambiri mwamuna wake atamwalira.

Ndipo tisayese kuti izi ndi za ku Arabia kokha. Olemba mbiri ya Chisilamu m'dziko lino asimba za mai wina, Mtumwa binti Ali, amene anabwera ku Nkhotakota kuchokera ku Zanzibar cha m'ma 1929 ndi chiphunzitso cha Qadiriyya, ndipo amuna ndi akazi anakhala pansi pa chiphunzitso chake.

Sindifuna kukometsa mkuyu kunja ndi kubisa nyerere. M'buku lomwelo gawo la mwana wamkazi pa chuma chamasiye ndi theka la gawo la mlongo wake wamwamuna. Mwamuna aloledwa mitala kufikira akazi anai. Ndipo kusudzula, kumene iwo akutcha talaka, kumpepukira mwamuna koposa mkazi. Koma amene afunsa mafunso olimba pa zimenezi ndi akazi achisilamu eni ake, osatuluka m'chipembedzo chawo. Fatima Mernissi wa ku Morocco, m'buku lake la 1987, anatenga mau ena akale amene amuna ankakanizira nawo akazi utsogoleri, nafufuza mbiri ya munthu amene anawafalitsa, monga momwe mashehe akale ankayesera mboni, napeza zifukwa zomkayikira. Amina Wadud wa ku America analemba m'chaka cha 1992 kuti zambiri zopondereza akazi zinachokera kwa omasulira, amene pafupifupi onse anali amuna. M'chaka cha 2009 akazi a maiko ambiri anakumana ku Kuala Lumpur nayambitsa bungwe la Musawah, dzina lotanthauza kulingana. Iwo akumbutsa kuti chilolezo cha mitala chinamangiriridwa ku lamulo la kuchitira akazi onse chilungamo chofanana, chimene bukulo livomera kuti munthu sachikwanitsa. Dziko la Tunisia linaletsa mitala mu 1956. Morocco mu 2004 anakweza msinkhu wa mtsikana wokwatiwa kuchoka pa zaka 15 kufika pa 18, nalamula kuti wofuna mkazi wachiwiri ayambe waonekera kwa woweruza.

Tsono tibwere kwathu kuno, ku Chileka ndi ku Lirangwe, kumene nkhaniyi isanduka ina. Ife ndife anthu a chikamwini: munda uyenda m'mbumba ya akazi, ndipo mwamuna ndiye mlendo pamudzi. Mkazi wachisilamu wa kuno akadayenera kukhala wodala kawiri, pakuti mwambo umpatsa nthaka, chipembedzo chimpatsa mahari ndi chisamaliro. Koma ndaona amuna amene atapa m'nkhokwe zonse ziwiri, natenga chokoma chokhachokha. Ikafika fizi ya sukulu, ati, Ana ndi a kwa malume awo, ndiwo mwambo wathu. Ukafika mtima wofuna mkazi wina, ati, Chipembedzo chindilola. Za ngongole ya mahari ndi za chilungamo aiwala. (Musaseke, abale, mwa ife muli akamwini obatizidwa amene achita chimodzimodzi, kungoti iwo mkazi wachiwiriyo ambisa ku Ndirande.) Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 kukhala msinkhu wokwatira kwa onse, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anakonzedwa kuti agwirizane nalo, koma mtsikana amene achotsedwa mu Sitandade 7 kuti akakwatiwe, palibe amene atola mwala chifukwa cha iye, ngakhale anavala mpango wake mokhulupirika masiku onse. Palinso funso limene akulu a mbali zonse anadutsa msanga: mtsikana wachisilamu amene safuna kuvala, kodi ufulu wake auteteza ndani kunyumba?

Kufupi ndi Chileka kuli mai wina wogulitsa zitumbuwa, amene sinditchula dzina lake. Mwamuna wake anapita ku Johannesburg kukafuna nchito, ndipo patapita zaka zitatu anamtumizira talaka pa foni, namsiya ndi ana atatu. Abale a mwamunayo anati nkhani yatha. Amene anaidzutsa ndi mai wokalamba wophunzitsa ana pa madrasa, amene anamfunsa kuti, Mwana wanga, kodi mahari amene anatchula pa tsiku la nikaha anakupatsa? Mai uja anati iai, iye ankayesa kuti anali mau a mwambo chabe. Wokalambayo anamuuza kuti ndi ngongole pamaso pa Mulungu, ndi kuti chakudya cha ana chili pa atate awo kulikonse ali. Anapita naye kwa shehe amene anamanga ukwatiwo, ndipo shehe sanakane. Analonjeza kuitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Pamene ndinadutsa pa benchi lake sabata latha, ankhoswe a kuchimuna anali atazengereza kawiri, ndipo tsiku lachitatu analiika pambuyo pa mapemphero a Lachisanu.