Boti la Ulendo Wautali Amaligulira Pamtunda

Kapenta wa ku Mpulungu amene amayi a ku Kwacha amagula pamsika wa Chisokone mu Kitwe amayamba ulendo wake pamadzi, asanakwere lole yodzera ku Mbala ndi Kasama. Amalonda ena akatolera kandalama amalakalaka boti lawolawo, loti lizikatenga matumba a kapenta ndi bukabuka kumadooko akutali ngati Nsumbu, n'kubwerera komweko ndi ufa, mchere ndi malata. Maganizowo ndi abwino. Vuto ndi loti munthu wokulira mu Kitwe madzi amene amawadziwa ndi a mtsinje wa Kafue ndi damu la Mindolo. Nyanja ya Tanganyika ndi yotalika makilomita pafupifupi 670, pena kuya kwake kumafika mamita 1,470, ndipo m'miyezi yozizira mphepo yochokera kummwera, yonga mwera wa pa nyanja ya Malawi, imautsa mafunde oti boti lokhomedwa mwamgwazo limayamba kulira m'mfundo zonse.

Wogula wa m'tauni amafika pagombe la Ngwenya ku Mpulungu ndi funso lomwe adazolowera pogula minibasi: injini ndi yamphamvu bwanji? Mmisiri wodziwa ntchito sakangana naye. Amangoti, "Bambo, injini mukagula m'sitolo tsiku lililonse. Tiyeni tilikokere kumtunda tilione kumimba." Ine ndili kumbali ya mmisiriyo.

Ntchito yake imayambira pa msana wa boti, mtengo umodzi wautali umene amaugoneka pamchenga n'kuuwongola ndi chingwe chonyika m'makala. Akachikoka chingwecho n'kuchisiya, chimasiya mzere wakuda, ndipo kasemasema amatsata mzerewo osaphonya. Mtengo umene amaukonda ndi mlombwa, umene ku Zambia ambiri amautcha mukwa, uja wotuluka utomoni wofiira ukatemedwa. Amaukondera chifukwa sufota kwambiri ukamauma, suwola msanga, komanso chiswe ndi anankafumbwe sauboola wamba. Boti limakhala kunsi kuli m'madzi, kumwamba kuli padzuwa, ndiye thabwa lofota ndi kufufuma mwachisawawa limatsegula mipata. Mlombwa waukulu ukusowa masiku ano, n'chifukwa chake wogula ayenera kupala utoto pang'ono ndi mpeni kuti aone ngati sanamuikire paini.

Pa nthiti ndi pamene ndimaima nthawi yaitali. Mmisiri waulesi amatenga thabwa lotambalala n'kucheka nthiti yokhota ndi sowo. Imaoneka bwino, koma mitsempha ya mtengo yadulidwa pakati, ndipo funde lamphamvu likadzamenya idzathyokera pomwepo. Mmisiri weniweni amalowa m'tchire kukafuna nthambi yomwe idakhota yokha ikukula. Amaiyang'ana ili mumtengo n'kudziwa kuti iyi ikakhala kutsogolo kumene boti limapanikizika, iyo ikakhala pakati pamene limatambasuka. Alibe pepala, alibe chojambula. Mbali ya kumanja ndi ya kumanzere amazifananiza ndi kamtengo koyezera ndi diso basi, koma boti likalowa m'madzi limakhala chilili, osapendekera. Thabwa louma gwa limene likukana kutsata nthitizo amalipaka mafuta, n'kuliwamba pamoto wochepa, n'kumalipinda pang'onopang'ono likadali lotentha. Akafulumira liphulika, akachedwa lizizira n'kuumanso.

Msomali sakhoma chikhomekhome. Amayamba waboola kabowo kochepera msomaliwo kuti thabwa lisang'ambike, amakulunga kathonje m'khosi mwake kuti madzi asatsate chitsulo, ndipo nsonga ikatulukira mkati amaipinda n'kuibweza mumtengo. Msomali wopindidwa choncho sungazuke ngakhale boti ligwedezeke usiku wonse. Kenaka pamabwera kumata mipata. Thonje lopota, lonyika m'mafuta, amalilowetsa pakati pa matabwa ndi tchizulo chobuntha, akumenya ndi chibonga. Khutu ndilo limamuuza: pamene thonje lakwana pamalira mokhuthala, pamene pali mphako pamalira ngati ng'oma yoboola. Akathina kwambiri, matabwa podzafufuma m'madzi adzakankhana mpaka kusolola misomali. Phula limabwera pomaliza, kudzangophimba ntchito yomwe yatha kale.

Tsono wogula boti lakale ayende m'mapazi omwewo. Achotse matabwa opondapo aone pansi pamene madzi amagona. Agogode msana kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Alase nsonga ya mpeni pa thabwa lakumbuyo lomangirirapo injini, poti ndilo limavutika ndi kunjenjemera, ndipo mpeniwo ukalowa mosavuta, pawola. Mizere ya dzimbiri yotsika pa misomali ndi chizindikiro choti chitsulo chadyeka mkati. Zigamba za malata ndi utoto wonyezimira wa dzulodzulo ndi zofunika kuzifunsa mafunso. Aonenso kapangidwe. Boti lophwatalala kunsi ndi labwino m'madambo a Bangweulu, kumene madzi ndi osaya, koma pa Tanganyika pamafunika mphuno yokwera yong'amba funde ndi m'mbali mwakuya moti katundu akadzaza, mpata utsalebe pakati pa madzi ndi mlomo wa boti. Boti la faiba siliwola, zoona, koma likang'ambika pagombe lakutali mankhwala omatira uwapeza kuti? Lamatabwa, kalipentala wa pamudzi, thonje ndi misomali zakwana.

Doko la Mpulungu lomwelo lili ndi umboni wake pa nkhani ya injini. Sitima ya Liemba, imene kwa zaka zambirimbiri idakhala ikulumikiza Mpulungu ndi Kigoma ku Tanzania, idapangidwa mu 1913 ku Papenburg m'dziko la Germany, n'kubwera m'mabokosi kudzalumikizidwa ku Kigoma. Mu 1916 Ajeremani adaimiza dala pothawa nkhondo. Angerezi adaivuula mu 1924, ndipo mu 1927 idayambanso kunyamula anthu. Mainjini ake a nthunzi adachotsedwa kalekale n'kuikamo a dizilo, koma thupi lake ndi lomwe lija lokhomedwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanathe. Ilala ya pa nyanja ya Malawi, yomwe idabwera zidutswa kuchokera ku Scotland n'kuyamba ntchito mu 1951, nayo idasinthidwapo mainjini thupi lili lomwelo.

Mayeso omaliza ndi osavuta, ngakhale ogulitsa ena sawakonda. Boti alibwezere m'madzi, alisenzetse matumba a mchenga olemera ngati katundu amene lizidzanyamula, akape madzi onse mpaka pansi paume, alimangirire pa nangula ligone. M'mawa wogula abwere ndi chigubu chodula pakamwa akape yekha, akuwerenga. Boti lamatabwa lililonse limalowa timadzi, ndipo mmisiri woona mtima amaneneratu madzulo kuti mupeza zigubu zingati. Zikapitirira pamenepo, mtengo utsike kapena akamatenso ndi thonje lake, ndipo za injini ya Yamaha zikambidwe pambuyo pake.