Udta Punjab: nanga Balli achira bwanji?

Ndaoneranso Udta Punjab sabata yathayi, pa foni, magetsi atazima. Filimuyi, ya Abhishek Chaubey, inatuluka mu 2016 patavuta: bungwe loyang'anira mafilimu ku India linkafuna kuti adulemo malo 89, mpaka khoti lalikulu la ku Bombay linalamula kuti adule amodzi okha. Mukhoza kuona kuti inakhudza pachilonda.

Pa momwe mankhwala ozunguza bongo amayendera ku Punjab, ndilibe nayo mlandu. Phukusi la heroin likuponyedwa kuchokera kutsidya kwa malire, andale akudya nawo, ndipo wapolisi Sartaj (Diljit Dosanjh) akulandira ziphuphu n'kumalola malole kudutsa, mpaka tsiku limene mng'ono wake Balli wagonekedwa m'chipatala mankhwala omwewo atamupitirira muyeso. Apa filimu yagwira.

Yandikhumudwitsa pa nkhani ya kuchira. Woyimba uja Tommy Singh akudzidzimuka mchitokosi, kenako wakumana ndi mtsikana, basi munthu wasintha. Nanga Balli? Amutsekera kukiliniki ya Dr Preet, iye n'kubaya dokotalayo pofuna kuthawa. Woonera akutsala ndi chithunzi choti mnyamata wotereyu ndi wongomanga.

Chimene filimuyi sinafunse mokwanira n'chakuti, kodi chimamutseka pakamwa mwamuna wachipanjabi n'chiyani? Kwawoko kuli mawu oti izzat, ulemu wa banja lonse. Mwana akalowerera, nkhani imathera m'nyumba, kuopa kuti anthu aziloza chala, mwinanso alongo ake asowa owakwatira. Malamulo a chipembedzo cha Asikh amaletsa zoledzeretsa, komatu pamaukwati ambiri botolo la whisky ndilo limayeza umuna. Munthu wopanikizika pakati pa ziwirizi akaulule kwa ndani? Kwa mlangizi amene sadziwa n'komwe chifukwa chake bambo wamkulu sangalire pamaso pa mwana wake?

Ku Britain, Jaz Rai, amene naye analimbanapo ndi mowa, anayambitsa Sikh Recovery Network. Anthu amakumana, nthawi zina ku gurdwara komwe, kumene amapempherera, n'kumayankhula m'Chipanjabi ndi anzawo amene anadutsamo. Palibe mfuti, palibe kuthamangitsana, kotero mwina pa kanema sizingakome. Koma ine ndikadasinthanitsa kuwomberana konse kwa kumapeto kuja ndi mphindi zisanu za Balli atakhala m'chipinda chotere, akuyesa kutsegula pakamwa. M'malo mwake timusiya akungolira pamaso pa mkulu wake.