Lipenga Lalitali ndi Mwini Wace: Za Cimbale ca "Backatown"

M'magulu a oimba a ku New Orleans, m'dziko la Amereka, nchito ya woomba trombone inali yoyankha anzace. Lipenga limeneli liri ndi mpope wautali umene mwini wace amaukankha ndi kuukoka kuti mau atsike kapena akwere, ndipo kuyambira masiku a Kid Ory linali kudzaza mipata imene lipenga laling'ono la trumpet lasiya. Cifukwa cace woomba trombone akakhala mtsogoleri wa gulu, omvera amafuna kudziwa ngati adzakumbukirabe kuyankhako, kapena adzayamba kudzionetsa yekha.

Troy Andrews anabadwa m'caka ca 1986 ku Tremé, dera lakale la anthu akuda mumzindamo. Anayamba kuomba ali kamwana, lipengalo likumposa msinkhu, ndipo ndico cifukwa anamucha Trombone Shorty. Cimbale cace ca "Backatown" cinaturuka m'caka ca 2010, iye ali ndi zaka 24, ndipo anacijambula pamodzi ndi gulu lace la Orleans Avenue, woyang'anira kujambulako ali Ben Ellman wa gulu la Galactic. Dzinalo ndilo limene eni mzinda amachulira madera a kumbuyo kwa tauni, kumene kuli kwao kwa Andrews.

Mwa nyimbo 14 za m'cimbalemo, zimene ziri ndi mphamvu ndizo zopanda mau oimba pakamwa. "Hurricane Season" iyamba ndi malipenga ofuula pamodzi, monga amacitira pa maulendo a m'miseu ya New Orleans, pamene khamu litsata oimba likubvina. Amene akumbukira cigumula ca Katrina ca mu 2005 angayembekeze maliro pakumva dzinali, koma adzapeza nyimbo ya anthu okana kugwa mphwayi. Mu "Suburbia" gitala wa Pete Murano alira mwaukali monga m'nyimbo za rock, ndipo trombone simlanda malo ai; ingolowa pansi pace ndi kumkankha. Apa ndipo pali luso la funk: kacidutswa kakafupi ka nyimbo kabwerezedwa kawirikawiri, ng'oma za Joey Peebles ndi besi wa Mike Ballard zigwira nthawi osagwedezeka, ndipo woimba ali yense aika mau ace pa mpata wace wokha. Wina akacedwa pang'ono kapena kufulumira, zonse zipasuka. Andrews acidziwa cimeneci, ndipo nthawi zambiri lipenga lace limveka ngati ng'oma yina m'gululo.

Nyimbo imodzi yokha ndiyo yobwereka, "On Your Way Down" ya Allen Toussaint, ndipo mwini waceyo, amene anamwalira mu 2015, aimbamo piyano. Iyi ikoma cifukwa mnyamatayo aiimba mofatsa, monga ayenera mwana pamaso pa mkulu.

Koma cimbaleci sicisowa zilema. Mau a pakamwa a Andrews ngosalala, koma alibe kulemera kumene lipenga lace liri nako, ndipo "Something Beautiful", m'mene muli Lenny Kravitz, imveka ngati anaikonzera wailesi. Mzinda wa New Orleans mulibemo. Cilema cacikulu ndi kufupika. Nyimbo zambiri zitha pa mphindi zitatu kapena pafupi pamenepo, ndipo jazz ndiyo nyimbo imene woimba amapeka mau atsopano pomwepo, ali ciimire. Kupeka kotere kufuna nthawi. Kangapo konse Andrews angoyamba kutambasula ganizo, nyimbo n'kutha, womvera natsala ndi njala. Wokonda jazz yeniyeni adzadandaula kuti pano funk yadya mnzace, ngakhale kuti cimbaleci cinachulidwa pa mpikisano wa Grammy m'gulu la jazz yamakono.

Pa funso loyamba lija, Andrews sanaiwale kuyankha. Atsogolera gulu ali m'kati mwace, ndipo saksofoni yaikulu ya Dan Oestreicher imveka bwino lomwe pambali pace. Mphunzitsi wofuna kuzoloweza ana kumvetsera angawaikire "Hurricane Season" ndi kuwafunsa kuti aloze pamene lipenga lina liitana ndi pamene ena abvomera. Mbiri ya ubwana wa woimbayu iri m'buku la ana lochedwa "Trombone Shorty", la mu 2015, limene zithunzi zace anajambula Bryan Collier.