Town ndi City: Mau Awiri Osiyana Mtundu

Aphunzitsi ambiri pomasulira mau awiri a Chingerezi, town ndi city, amangouza ana kuti town ndi mudzi waukulu, ndipo city ndi town yoposa kukula. Yankho lotere nlapafupi, koma lisokeretsa, pakuti mau awiriwa sali pachibale konse, ndipo kusiyana kwao sikuli pa kukula ai.

Town linachokera ku liu lakale la Angerezi, tun, ndiwo malo ozingidwa ndi mpanda, monga linga la makolo. M'kupita kwa nthawi linayamba kutanthauza malo amene anthu aunjikana ndi kuchitapo malonda. Koma city linadzera m'Chifalansa kuchokera ku Chilatini, civitas, ndilo gulu la nzika zomvera lamulo limodzi. Ku Britain dzinali silibwera ndi kuchuluka kwa nyumba. Liperekedwa ndi mfumu. Nchifukwa chake St Davids ku Wales, kumene anthu sakwana 2,000, ndi city, pamene Reading, wa anthu oposa 100,000, akali town.

Lilongwe aonetsa bwino kusiyanaku. Old Town, kumene kuli msika waukulu ndi mseu wa Malangalanga, anakula pang'onopang'ono m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, pafupi ndi boma la atsamunda, chifukwa cha malonda a fodya ndi mbeu zina. City Centre sanamere chotero. Anayamba papepala mwa lamulo la boma, namangidwa ndi bungwe la Capital City Development Corporation lokhazikitsidwa mu 1968, kufikira likulu linachoka ku Zomba mu 1975. Madzulo ku City Centre, ku Area 10 ndi ku Area 43 kumangoti zii, pamene ku Old Town kukali piringupiringu. Komabe dzina la city linaikidwa kumene kuli maofesi a boma, osati kumene kuli khamu.

Tsono Chichewa chili nalo kale liu loyenera. Kwa Achewa, mzinda sunali mudzi waukulu chabe, koma mudzi umene mfumu yake inaloledwa kukhala ndi bwalo la chinamwali ndi gule wamkulu, ndipo ulemu umenewu mwini mzinda ankaulandira kwa mfumu yaikulu. Mphunzitsi amene ayamba ndi linga ndi mzinda, asanatchule Chingerezi, apatsa mwana chinthu chimene achidziwa kale kumudzi kwao. Amene angoti "yaikulu ndi yaing'ono" aphunzitsa mwana kuwerenga nyumba, namsiya wosazindikira kumene ulemu wa malo uchokera.