Loboti Wolondera Nsalu ya m'Ndeke

Kuyambira 1984, pamene James Cameron anatulutsa The Terminator, mafilimu akhala akutiopseza kuti tsiku lina makina anzeru adzatiukira ndi kutipha tonse. Ine nkhani imeneyo siindicititsa mantha kwenikweni, cifukwa Skynet sasankha: olemera ndi osauka omwe amafera limodzi. Filimu imene ndiona kuti inalasa pamtima ndi Elysium ya 2013, ya Neill Blomkamp wobadwira ku Johannesburg.

Nkhani yake icitika mu 2154. Olemera anasamukira kumwamba, kumalo okhala ndi makina ocilitsa matenda alionse. Otsala ali pansi ku Los Angeles, amene aoneka monga komboni yaikulu ya fumbi. Maloboti kumeneko sanapanduke iai. Ndi apolisi omvera abwana ao, ndipo nchito yao ndi kuonetsetsa kuti wosauka asakwere. Max, amene amseweredwa ndi Matt Damon, wavulala kufakitale ndipo watsala ndi masiku 5. Mankhwala alipo, koma ulendo wopita kumene kuli mankhwalawo ndiye wosatheka.

Zimenezi sizifuna kudikira 2154. M'ndeke muli nsalu imene amatseka pakati pa business class ndi economy. Kutsogolo mpando umasanduka bedi, kumbuyo maondo amagunda mpando wa mnzako, ndipo tikiti yakutsogolo imadula kangapo kuposa inzake. Mitengoyo imasinthasintha molamulidwa ndi kompyuta. Mu 2025 kampani ya Delta Air Lines ku America inanena kuti igwiritsa nchito AI ya kampani ya Fetcherr poika ina mwa mitengo yake, ngakhale inakana kuti imayang'ana zinsinsi za munthu aliyense payekha. Kondakitala wa minibasi akakweza mtengo mvula ikagwa, mungakangane naye. Nanga kompyuta mudzakangana nayo bwanji?

Pamene Elysium yandikhumudwitsa ndi kumapeto. Kompyuta ikangolembedwanso kuti anthu onse ndi nzika, ndeke za cipatala ziyamba kutsika kudzathandiza odwala, ngati kuti vuto lonse linali m'makina. Koma makinawo anali kucita zimene eni ake anafuna, ndipo eni akewo sanasinthe mtima.

Inu amene mulemba nthano za mtsogolo kuno kwathu, musataye nthawi ndi maloboti a maso ofiira. Tionetseni munthu amene analipira kuti nsalu ija itsekedwe.