Nizwa Monga Anauonera Mlendo wa Mfumu

Ndawerenga buku la James Morris lochedwa Sultan in Oman, losindikizidwa m'caka ca 1957, ndipo ndifuna kunenapo maganizo anga.

Nizwa ndi mudzi wakale wa malonda m'dziko la Oman, ku Arabia, m'tsinde mwa mapiri a Jebel Akhdar. Cuma cace ndico zipatso za kanjedza, zimene eni ace amazianika ndi kuzigulitsa pamsika pafupi ndi linga lalikulu lomangidwa ndi Imam Sultan bin Saif ca m'ma 1650.

Mwezi wa December 1955 mfumu Said bin Taimur inanyamuka ku Salalah ndi magalimoto, niidutsa cipululu kukalowa m'Nizwa, atathawamo Imam Ghalib bin Ali, amene anthu a kumtunda anamsankha mu 1954. Morris anali mlendo wa mfumu paulendowo. Kulemba amadziwa ndithu: fumbi, ludzu ndi kulira kwa mfuti zolonjera mfumu, zonse uzimva ngati unalipo. Sabisanso kuti cimene cinautsa mkangano ndi mafuta ofunidwa pansi ku Fahud.

Koma tsono mlendo wa mfumu amaona zimene mfumu yamuonetsa. Ine ndinafuna kumva mau a mlimi wa kanjedza, koma sindinawamve. Moyo wa Nizwa uli m'ngalande zochedwa falaj, monga Falaj Daris, zotenga madzi pansi pa mapiri. Kale alimi anali kugawana madziwo poyesa mthunzi usana ndi nyenyezi usiku. Pamenepo ndipo pali mwambo ndi milandu ya mudzi, ndipo munthu wongopitirira sangazidziwe.

Cina cinandiwawa mtima. Paulendowo panali akapolo a mfumu, pakuti ukapolo unaletsedwa ku Oman mu 1970. Wolemba awaonetsa ngati anthu okondwa okometsa ulendo. Ife amene makolo athu ena anagwidwa ku maiko a nyanja ya Nyasa natengedwa kunka ku Kilwa ndi ku Zanzibar, kumene mafumu a Oman analamulira, sitingawerenge mau otere mosekera.

Mu 1957 Nizwa anaukanso, ndipo ndege za Angerezi zinaombera linga lija. Mtendere umene Morris anauona sunakhalitse.

Bukuli liwerengeni, nlokoma. Koma powerenga muzifunsa kuti, wolembayu anakwera galimoto ya yani?